Chingwe cha Pakati pa Nazale

6 Okutobala

Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, ndiponso kuti mwendo uja unasiya kukuvutani. Kuno tilipo, kungoti dzuwa lanyanya. Pofika teni koloko malata omwe ndimakhoma amakhala atatentha moti kuwagwira kumafuna chisanza. Mlamu wanu akupereka moni.

Ndalemba kalata chifukwa foni yanga inafa mwezi watha, ndipo kunena zoona sindikuilira. Ngakhale ikanakhala yamoyo, nkhani iyi sindikanaikamba pa foni, pakuti pano pamsika makutu ndi ochuluka kuposa ogula.

Nkhani ndi ya mwana wanu wamkulu uja, mtsikana wanga woyambayu, yemwe mumamutama kuti ali ndi mutu. Lachiwiri lapitali ahedi anandiitana kusukulu kwake. Ndinasiya ndowa ndisanaike chogwirira, n'kuvala malaya abwino, ndipo nditafika anandikhazika pa benchi pomwe amadikirira ana olakwa, ine munthu wa imvi. Zimene anandiuza mu ofesimo sindingazilembe zonse pano. Ndi nkhani ya iye ndi anyamata a pasukulupo, ndipo yafala kale. Amayi omwe amagula ndowa kwa ine akudutsa pa shedi yanga nkhope zili kumbali. Ena akumaima dala pafupi n'kumalankhula mokweza kuti ndimve.

Ndayesa kukhala naye pansi, koma akungondiyang'ana m'maso n'kunena kuti zomwe zachitika zachitika, sangabwerere m'mbuyo. Amayi ake akungoti tiyeni tione kaye. Ine kuona ndaona kale.

Pempho langa ndi ili. Mumutenge adzakhale nanu m'tauni, azikuthandizani pa makina osokera mpaka pakamwa pa anthu patazizira. Za sukulu tidzaona m'tsogolo. Sindikupempha china chilichonse, malo ogona okha ndi diso lanu. Mundiyankhe kudzera kwa kondakitala wa basi yemweyu.

Ndine,
Mlongo wanu

10 Okutobala

Iwe mlongo wanga,

Moni ndalandira, mwendo uli bwino, koma kalata yako yandiimitsa mutu. Ndinaiwerenga nditaimirira, kasitomala ali patsogolo panga atavala diresi lodzaza mapini, mpaka ndinamubaya mayi wa eni ake m'nthiti.

Iwe kuyambira uli mwana sunanenepo chinthu molunjika. Unkabwera kunyumba magazi ali chuchuchu pa bondo, tikakufunsa n'kumati kunja kuli miyala. Lero wadzaza tsamba lonse kuzungulira mawu amodzi. Koma ine ndine mzimayi, ndamva. Ndi miyezi ingati? Kuchipatala wapita? Nanga makolo a mnyamatayo akudziwa, kapena nawonso akudutsa nkhope zili kumbali?

Tamvera bwino. Usamumenye, usamukalipire, ndipo usamuyang'ane ndi nkhope yako ija yonga ya munthu amene wameza mankhwala owawa. Mwanayo mantha ali nawo kale okwanira. Si woyamba, ndipo dziko silinathe. Uwauze alamu anga kuti asadzidye mtima, azimupatsa zakudya zokwanira ndipo asamusenzetse zolemera.

Zoti ndimutenge n'zosachita kufunsa. Abwere ngakhale mawa. Kuseri kwa shopu kuli kachipinda komwe ndimasungiramo zidutswa za nsalu, ndikakonza kakhala bwino. Chipatala chili pafupi, ndipo anamwino awiri a kumeneko ndimawasokera ndine, sangatiimike pamzere. Za anthu a pamsika zisakudetse nkhawa. Akasowa nkhani yatsopano adzabwerera okha, chifukwa ndowa zawo sizisiya kudontha.

Ndatumiza kaphukusi. Muli diresi lomwe ndasoka mothamanga, ndalisiyira malo ambiri kutsogolo kuti alivale mpaka kumapeto. Umupatse mwakachetechete, ndipo umuuze kuti azakhali ake sanakwiye.

Ndiyankhe msanga, undiuze tsiku loti ndikamuchingamire.

Ndine,
Mchemwali wako

14 Okutobala

Azakhali okondedwa,

Muli bwanji? Ine ndili bwino, bwino lenileni, ndipo mawu amenewa muwawerenge kawiri. Diresi lafika. Amayi atalitambasula analiyang'ana, n'kuyang'ana ine, kenako anakhala pansi kuseka mpaka misozi. Tinalowamo awiri ndi mng'ono wanga, malo n'kutsalabe. Ababa anatuluka kupita ku shedi, ndipo tsiku lonse nyundo yawo inkamveka mpaka kuno kunyumba. Akuti ndikuyankheni ndine, iwo manyazi awagwira.

Azakhali, ndilibe pakati. Nkhani yanga ndi anyamata ndi ya madzi.

Kusukulu kwathu kuli kalabu ya zachilengedwe, ndipo chaka chino anzanga anandisankha kukhala wapampando. Anthu amangonditcha Atcheya, ena mwaulemu, ena mwachipongwe. Lachitatu lililonse timaphunzitsa ana a chaka choyamba za kusintha kwa nyengo, chifukwa chake mvula ikumachedwa, ndiponso chifukwa chake chitsime cha pasukulu, chomwe kale sichinkaphwa, chinauma mu Ogasiti. Chaka chatha mphepo inasasula denga la kalasi imodzi, choncho tinagwirizana zodzala mitengo kuzungulira sukulu. Tinafesa mbewu m'machubu a pulasitiki 600 kuti mvula ikagwa tidzaokere. Malo omwe tikulerera mbandezi timawatcha nazale.

Ntchito ndinagawa ndine, ndi dzanja langa lomweli. Ndinalemba kuti anyamata amange mpanda ndi chisakasa cha mthunzi, athirenso dothi m'machubu, ndipo atsikana azithirira. Palibe anatsutsa, ineyo ndinkadziona ngati ndagawa mwanzeru kwambiri. Ntchito ya anyamata inatha m'masiku awiri a Loweruka. Yathu ilibe tsiku lothera. Aphunzitsi anati mbande zimathiriridwa m'mawa dzuwa lisanakwere, mjigo uli kuseri kwa msika, ndipo nthawi imeneyo pamakhala mzere. Tikamafika ndi ndowa pamutu phunziro loyamba limakhala litayamba, ndipo loyambalo ndi masamu. Aphunzitsi a masamu ndi atsopano, anabwera teremu ino, ndipo lamulo lawo n'lakuti wochedwa asalowe. Ndiye timathirira, n'kupukuta m'khosi, n'kukhala pakhonde kumvetsera mawu awo kudzera pa khoma.

Mayeso a pakati pa teremu tinalembera mu holo. Zotsatira zitamatidwa, mayina khumi apansi pa masamu onse anali a atsikana a mu kalabu, langa lili pomwepo. Sabata yomweyo ndinaima pamaso pa ana a chaka choyamba kuwauza kuti chitsime chikauma tonse timavutika. Kamtsikana kena kanakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Tonse ake ati, Atcheya? Achimwene anga amangopeza madzi ali kale m'bafa."

Ndinaitanitsa msonkhano wa kalabu kupempha kuti tizisinthana. Anyamata anaseka. Wachiwiri wanga, yemwe timamutcha Goloboyi chifukwa amagwira pagolo, anati angachite chilichonse kupatula kudutsa pamsika atasenza ndowa. Pamenepo ndinatenga chingwe n'kuchimanga pakati pa nazale. Mbande 300 za mbali ino ndi zathu, 300 za mbali iyo ndi zawo. Ife tikuthirira zathu zokha, ngakhale kuchedwa tikuchedwabe.

Mbali yawo yayamba kufota. Alonda amaithira timadzi mwachisoni, koma sitikwanira. Azakhali, mbewu zimenezo ndinatola ndekha pansi pa mitengo. Aphunzitsi oyang'anira kalabu, mayi omwe ndimawakonda, akuti mtsogoleri sasiya mitengo ikufa, ndiponso akuti iwo anasenza madzi pa utsikana wawo koma anaphunzira ndithu. Ahedi akuti ndikutsogolera anzanga kugalukira sukulu. Amayi a anyamata akuti ndikufuna kusandutsa ana awo akazi.

Chonde musanditenge. Ndimakukondani, ndipo nyumba yanu ndimailakalaka pa tchuthi, koma sukulu sindikufuna kuisiya. Chaka chamawa ndi cha mayeso omaliza. Muwauze ababa, inu amakumverani.

Mwana wanu

24 Okutobala

Mlongo wanga,

Kodi kumeneko kwagwanji? Masabata awiri atha, kalata palibe, mwana palibe. Tsiku lililonse basi ya masana ikafika ndimasiya makina n'kukaima pakona, tepi yoyezera ili m'khosi. Kondakitala wayamba kundipatsa moni ngati ndine mkazi wake. Ndikamufunsa za kalata amangopukusa mutu.

Ngati mwamutsekera m'nyumba chifukwa cha manyazi, dziwani kuti Mulungu akukuonani. Ngati wadwala, ndiuzeni ndikwere basi ndine. Chete ameneyu akundiondetsa.

Kachipinda ndakonza. Ndatulutsamo matumba asanu ndi awiri a zidutswa za nsalu, mbewa ziwiri, ndi ambulera ya malemu alamu ako yomwe ndinaifunafuna zaka zitatu. Ndapaka laimu, ndasoka katani ya maluwa achikasu, bedi ndaika pansi pa zenera pomwe pamalowa kamphepo. Dzulo ndinangodzipeza ndikudula timalaya ting'onoting'ono popanda wondipempha.

Ndikuuze zoona, chifukwa iwe sufunsa. Chichokereni ana anga nyumba ino imandikulira. Ndimaphika kampoto ka munthu mmodzi n'kudya nditaimirira. Wailesi imalira tsiku lonse kuti m'nyumba muzimveka mawu a munthu, moti ndimadziwa mitengo ya feteleza ine wopanda munda. Ndiye usaganize kuti ukundisenzetsa katundu. Chiwerengereni kalata yako ndayambanso kuimba pa makina, mpaka wa shopu yoyandikana nayo wandifunsa ngati ndapeza banja.

Lemba, ngakhale mizere iwiri. Moni kwa alamu anga.

Mchemwali wako

28 Okutobala

Mwana wanga,

Kalata yako yafika lero, itatha masabata awiri m'thumba la jekete la kondakitala. Akuti jeketelo anasiya kulivala chifukwa cha kutentha, ndipo kalatayo waipeza pofuna kulichapitsa. Ndamuuza mawu omwe sindingawalembere mwana wa sukulu.

Ndawerenga kawiri monga unanenera. Poyamba ndinaseka mpaka mapini kugwa pakamwa. Kenako ndinalowa m'kachipinda komwe ndakukonzera, ndipo pano ndiulule tchimo langa. Mtima unandigwa. Mwana wa mlongo wanga ali bwino, ine n'kumakhumudwa! Ndadzichitira manyazi kwambiri. Diresi lija upatse amayi ako, adulemo makatani a nyumba yonse.

Tsopano za chingwe chakocho. Kuno m'tauni madzi a pampopi amatuluka tsiku limodzi n'kusowa awiri. Pamzere wa zigubu sindinaonepo bambo, kupatula aja amatunga ogulitsa, omwe amabwera ndi wilibala. Zaka zonsezi ndakhala ndikuima pamzerepo osadabwa, ndimangodandaula za mwendo. Iwe wadabwa uli ndi zaka 16, ndipo wavomera kuti cholakwa choyamba chinali cha dzanja lako. Akuluakulu ambiri omwe ndimawayeza m'chiuno sangathe zimenezo.

Komabe ndili ndi funso. Mbande za mbali inayo sizinakulakwire. Zikafa zonse, iwe udzakhala utapindula chiyani? Sindikukutsutsa ayi, ndikufunsa chifukwa inenso yankho ndilibe. Ndayesa kuganiza kuti ndikanakhala ine ndikanatani, ndipo ndikuona kuti ndikanathirira mobisa n'kumadandaula poyera, monga timachitira ambiri.

Za kubwera kuno, ndinavomera kale kwa bambo ako, ndipo mawuwo sindinabweze. Ndikufuna ndimve kaye mbali yawo yonse, ngati Mulungu angawapatse mphamvu zolemba chinthu molunjika kamodzi pa moyo wawo. Pakali pano uzidya, uziwerenga, ndipo ubwereke kope la masamu kwa Goloboyi wakoyo, poti iye amalowa m'kalasi khosi lili louma.

Azakhali ako

2 Novembala

Achemwali,

Makalata anu onse ndinalandira. Za diresi tisakambirane. Mlamu wanu akaliona amayambiranso kuseka, ine ndimatuluka panja. Ndimayesa kalata ya mwanayo inakufikani kalekale, n'chifukwa chake ndinali chete. Pepani.

Lachinayi m'mawa ndinapita ndekha kukaona chingwe chotchukacho. Ndi chingwe wamba, chonga choyanikira zovala. Mbali imodzi mbande zili zobiriwira, mbali inayo zawerama, ndipo zina ukazigwira masamba amangoyoyoka. Pa khoma lapafupi panakhala anyamata angapo ndi mabuku awo. Ndinawafunsa kuti mbande zofotazo n'za yani. Wamtali wina anati n'zawo. Ndinati nanga bwanji mukuzionerera zikufa. Iye anati, "Bambo, madzi sitikukana, koma ndowa pamutu ayi. Pamsika angatiseke mpaka chaka chamawa."

Belu linalira, anyamatawo analowa m'kalasi. Patapita nthawi ndithu atsikana anatulukira pa geti atandondozana, ndowa pamutu. Ndinaziwerenga khumi ndi zinayi, ndipo khumi ndi imodzi zinali za manja anga, ndimadziwa mmene ndimapindira mkombero. Mwana wanu anali kumapeto, yunifolomu itanyowa kumsana konse. Atathirira anakakhala pakhonde, kope pa bondo, khutu ku khoma. Sanandione, ndipo ine sindinamuitane.

Pobwerera ndinkaganiza. Zaka 22 ndikukhoma malata, sindikumbukira mwamuna amene anagula ndowa yosenzera kuti akaigwiritse yekha. Koma makeni othirira, aja a mlomo wautali ndi chogwirira pamwamba, amagula amuna okhaokha olima ndiwo zamasamba, ndipo amayenda nawo awiriawiri akuimba mluzu. Madzi ake ndi omwewo. Kuseri kwa shedi ndinali ndi zidutswa za malata. Ndakhoma makeni asanu ndi atatu m'masiku atatu, ndawasiya kwa alonda a pasukulu.

Musaganize kuti ndagwirizana naye. Ndachitira mbandezo, chifukwa chinthu chamoyo sichiyenera kufera mkangano wa anthu. Maganizo anga sanasinthe. Ahedi amuika kale diso, aphunzitsi ena akumutchula ngati chitsanzo cha mwano, ndipo amayi a anyamata aja sanaiwale. Mwanayu ndi wouma mutu, anatengera inu. Akatsala kuno adzapeza china choti amangepo chingwe, ndipo tsiku lina adzamuchotsa sukulu ndi kalata yoipa yomwe idzamutsata kulikonse. Ndikuopa zimenezo, achemwali, ndipo kuopako kukundichepetsa kudya. Bola achoke yekha dzina likanali labwino.

Ndimukweza basi Loweruka pa 15. Mukamuchingamire.

Ndine,
Mlongo wanu

7 Novembala

Azakhali,

Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Mwendo uli bwanji? Kuno kukadali kotentha, mitambo imasonkhana masana n'kubalalikanso.

Lolemba makeni a ababa anayamba ntchito. Mukanaona! Anyamata anawalimbirana mpaka alonda kuchita kuwaleretsa. Goloboyi anatenga awiri, anadutsa pamsika chifuwa chili patsogolo, theka la madzi n'kuthera pa nsapato zake. Ndinaseka, koma mtima unandiwawanso. Mwezi wathunthu ndakhala ndikupempha, kufotokoza, kujambula pa bolodi, osadziwa kuti chomwe chinkasowa ndi chogwirira.

Funso lanu landivutitsa sabata yonse. Mbande 170 zafa. Ndaziwerenga ndekha pokhutula dothi m'machubu. Sindikudziwa ngati ndinachita bwino. Chomwe ndikudziwa n'chakuti pakanapanda chingwecho palibe akanabwera kudzaona, ngakhale ababa.

Lachitatu pa msonkhano wa sukulu yonse ahedi anathokoza ababa chifukwa cha nzeru zawo, n'kunena kuti ana akasokoneza akulu amakonza. Kenako aphunzitsi a kalabu analengeza kuti wapampando tsopano ndi Goloboyi, poti ine ndilibe mtima wosamala zinthu. Anthu anaomba m'manja. Inenso ndinaomba, sindikudziwa chifukwa chake. Anzanga a ndowa anangoyang'ana pansi. Potuluka, kamtsikana ka funso kaja kanandigwira malaya n'kundifunsa ngati n'zoona kuti ndikuchoka. Ndinakauza kuti kathamange, kachedwa m'kalasi.

Ababa abwereka sutikesi kwa aneba, ili pakona pa chipinda chathu. Mng'ono wanga wayamba kale kuyeza mbali yanga ya bedi.

Azakhali, ndatopa. M'kalata yapita ija ndinalemba mwamphamvu kuti musanditenge. Sukulu ndikuifunabe ndi mtima wanga wonse, koma mphamvu zolimbana ndi ababa zandithera, makamaka tsopano pomwe ndaona matuza omwe makeni aja awasiyira m'manja. Amayi akuti mawu omwe ababa amawaopa pa dziko lino ndi anu okha. Ndamvanso kuti mwandisokera katani ya maluwa achikasu. Mukati bwera, ndibwera, ndipo sindidzakusungirani chakukhosi.

Mwana wanu

11 Novembala

Mlongo wanga,

Kondakitala ndamulumbiritsa kuti kalatayi aipereke m'manja mwako lero lomwe, ndipo asachoke mpaka uitsegule. Khala pansi, nyundo uike pambali.

Ndinavomera kumutenga mwanayo. Mawu amenewo ndikuwabweza. Usamukweze basi.

Ine ndinavomera mwana woyembekezera wosowa kothawira. Uyu sakuthawa kanthu, wofuna kuthawa ndiwe. Taganiza bwino. Unalemba mizere yochepa chabe, ndipo ine, azakhali ake enieni, ndinaganiza zomwe ndinaganiza mpaka kusoka diresi. Nanga a pamsikawo akadzaona kuti mtsikana wasowa pakati pa teremu, wapita kwa azakhali m'tauni, adzati chiyani? Dzina lomwe ukuti ukuliteteza udzalidetsa ndi manja ako. Ndipo tiatsikana tomwe tikumuyang'ana tidzaphunzira kuti wofunsa funso amakwezedwa basi.

Za makeni wachita bwino, ndakunyadira, ndauza ndi makasitomala omwe. Koma ndowa wakhoma zaka 22 osafunsa kuti zikukwera pamutu pa yani, nthawi yanji. Amene anakufikitsa pa nazale paja ndi mwanayo. Ahedi athokoza iwe pamaso pa anthu, koma iwe ukudziwa mumtima mwako amene anayambitsa. Ngati ukuopa kalata yoipa, valanso malaya ako abwino aja ukakhale pa benchi, uwauze ahedi zomwe unaona pakhonde. Ukanene molunjika, sudzafa.

Usaganize kuti kulemba izi n'kwapafupi. Mwanayu ndikumufuna kuno kuposa mmene ungaganizire. Ndinali nditasankha kale kapu yoti azimwera tiyi. Iye wandilembera kuti ndikati bwera abwera, ndipo ndinakhala ndi kalatayo pa miyendo tsiku lonse la dzulo, makina ali zii. Ndikanangokhala chete mpaka Loweruka palibe akanandinena. Koma ndikanakhala ndamubera mwana sukulu kuti ine ndipeze wocheza naye pa chakudya, ndipo ndikanazikumbukira nthawi zonse ndikamuona akupalasa makina.

Ukamukweza, udzandipeza ndakwera naye basi yomweyo kubwerera, makina anga ali pamwamba, n'kudzakhazikika pa shedi yako mpaka alembe mayeso. Umandidziwa.

Mchemwali wako

18 Novembala

Azakhali okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino. Ndikulemba ndili kunyumba kwathu konkuno.

Kalata yanu ababa anaiwerengera ku shedi, kondakitala ataimirira pambali ngati wapolisi. Atabwera kunyumba anasamba, anadya, kenako anafunsa amayi ngati sutikesi ya eni ake ingabwezedwe mawa lake. Lachinayi anavala malaya abwino n'kupita kwa ahedi. Zomwe anakambirana sindikudziwa, koma anakhalamo nthawi yaitali, ndipo alonda akuti ankamveka mawu a ababa okha. Loweruka basi inadutsa ine ndikuchapa yunifolomu.

Amayi anandionetsa kalata yanuyo mobisa. Nditafika pa kapu ya tiyi ndinalira. Muisunge, pa tchuthi ndikubwera, ndipo mudzandiphunzitse kusoka diresi lokwana munthu mmodzi.

Mvula sinagwebe. Mbande zatsala 430, ndipo chingwe tachimasula. Mpando sanandibwezere, ndipo zimandiwawabe ndikamva wina akutsegula msonkhano. Goloboyi anabwera ndi kope kudzandipempha kuti ndimulembere ndandanda ya othirira. Ndinamuuza kuti akhale pansi alembe yekha ine ndikuona, mnyamata ndi mtsikana, mnyamata ndi mtsikana, mpaka mayina onse atha. Lachitatu ndikuphunzitsabe ana a chaka choyamba, pakuti pamenepo palibe anandiletsa.

Koma tamvani izi. Anyamata atachedwa masamu masiku anayi okha, makolo awo anabwera kudzadandaula kuti ana awo alephera mayeso chifukwa cha mitengo. Lachisanu lapitali aphunzitsi anapeza kuti mbande zikhoza kuthiriridwa madzulo tikaweruka, dzuwa litapepa, ndipo sizingafe. Ife tinakhala pakhonde miyezi iwiri ndi theka nzeru imeneyi isanapezeke.

Choncho dzulo Lolemba ndinalowa m'kalasi belu lisanalire, khosi lili louma, kope m'manja. Tinakhala kutsogolo, ine ndi anzanga a ndowa aja. Aphunzitsi a masamu atafika anaima pakhomo, n'kubwerera pang'ono kukayang'ana nambala ya pachitseko ngati asokera. Kenako anandiloza ndi choko n'kufunsa kuti, "Inu mwachokera sukulu iti?"

Kalasi yonse inaseka. Ine ndinaimirira n'kuwauza kuti ndine wa kalasi yomweyo, ndakhala ndikuwamvetsera pakhonde kuyambira tsiku lomwe anafika. Iwo sanaseke. Anatiyang'ana mmodzimmodzi, anatseka buku lawo pomwe anali ataika chala, n'kulitsegulanso pa tsamba loyamba.

Mwana wanu